Wogogoda Sanabwere

Tsiku lomaliza limene Digiri anawaona achemwali ake ali moyo, anali ataima pakhomo la antchito, kuseri kwa holo ya misonkhano, akumukonza kolala ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Chikwama chinali pa phewa, botolo la madzi atalipanira m'khwapa.

"Jekete yachikasuyi yakukhala," anatero achemwaliwo. "Ukuoneka ngati nthochi yakupsa, koma yakukhala."

"Achemwali, anthu akuona."

"Aone. Ndinkakusambitsa ine, nanga kolala n'chiyani?"

Anamumenya kambama kachibwana pa tsaya, n'kulowa m'khonde lopita ku masitepe. Sanacheuke. Panalibenso chifukwa chocheukira.

Dzina loti Digiri anamupatsa ndi anzake a pantchito. Anali atapitako ku koleji kukaphunzira za magetsi, koma mayi awo atamwalira mutu unangokana, mabuku n'kusanduka miyala, ndipo anabwerako ndi chikwama cha zovala basi. Achemwali ake sanamukalipire. Anamupatsa chipinda chakumapeto kwa nyumba yawo, namusiya kuti agone mpaka tulo timukole. Atamva kuti kuholo kukufunika anyamata oyang'anira zitseko pa msonkhano waukulu wa mayiko ambiri, anamugwira dzanja n'kukamusiya okha. Iwo anali womasulira. Ntchito yawo inali kukhala m'kachipinda kagalasi, mahedifoni kumutu, kumva zimene nthumwi ikunena n'kuzinena nthawi yomweyo m'Chifalansa, kuti nthumwi za chinenero chimenecho zizimvera m'mahedifoni awo.

Msonkhano usanayambe, mkulu wa zachitetezo anawayeseretsa anyamatawo mpaka miyendo kuwawa. Anali bambo wa imvi amene kale ankagwira ntchito yozimitsa moto, ndipo onse ankawatchula kuti a Wezulo chifukwa wezulo sinkachoka pakhosi pawo.

"Moto supha anthu ambiri," ankatero a Wezulo. "Chimapha n'chitseko. Zitseko izi n'zolemera, zimadzitseka zokha kuti utsi usadutse. Ukachisiya gulu lili pakati, woyamba agwa, wachiwiri amugwera, wachitatu ndiye kumanda. Chitseko chako ndiye mkazi wako. Sumusiya."

"Nanga ife okwatira kale, bwana?" anafunsa Wamtali, mnyamata wa miyendo ngati nsungwi. "Mwatilowetsa mitala?"

"Iwe ulibe chitseko. Iwe ndiwe wogogoda."

Nkhani ya kugogodayo inali chonchi. Okonza msonkhano anakana belu la moto m'holo. Anati muli nduna, muli okalamba odwala mtima, muli makamera oonetsa dziko lonse, ndipo belu limachititsa anthu misala. A Wezulo anakangana nawo mpaka thovu kukamwa, koma mwini ng'oma ndiye amasankha nyimbo. Belu linazimitsidwa. Anagwirizana kuti kukachitika ngozi, a Wezulo adzalankhula pa maiki ya wapampando, ndipo omasulira adzabwereza uthengawo m'zinenero zonse, osasiya, mpaka wina atawagogodera pachitseko kuti basi tulukani. Munthu wovala mahedifoni m'kachipinda kaja samva kanthu kena, ngakhale denga litagwa. Amamva zokhazo zolowa pa maiki.

Tizipinda ta omasulira ena tinali pansi, kumbuyo kwa holo, pafupi ndi zitseko. Koma a makamera anadya malo, ndipo ka Chifalansa anakakweza kumwamba, m'chipinda chimene kale ankaonetsera kanema. Kanali pamwamba penipeni pa chitseko cha Digiri, moti iye sankakaona. Njira yake inali imodzi: masitepe opapatiza a mbali ina ya holo, otsikira pafupi ndi sitolo, chipinda chosungiramo mabokosi a magetsi, m'mene anali ataunjikamo makatoni ndi mipando yotsala.

M'mawa wa tsikulo kunabwera mlendo wina wamkulu amene sankayembekezeka, ali ndi asilikali ake omuteteza. Iwo anafuna munthu wina woonjezera pakhomo la olemekezeka. A Wezulo anayang'ana uku ndi uku, napeza kuti munthu yekhayo wopanda chitseko ndi Wamtali.

"Pita kwa kanthawi," anatero pa wokitoki, kawailesi kamene antchito ankalankhulirana.

Onse anamva. Palibe anafunsa kuti nanga wogogoda akhala ndani. Poyeserera paja, omasulira anali asanayambe kubwera, ndipo Wamtali ankathamanga masitepe onse aja kukagogoda chitseko cha chipinda chopanda munthu, n'kubwerako akuseka kuti, "Akuti alibe mawu." M'mitu mwawo monse, ntchito yake inali nthabwala.

Dzuwa litafika paliwombo, nduna ina inali pakati pa kulankhula. Holo inali yodzaza mpaka kukhoma, masuti okhaokha, nsalu zamitundumitundu, timbendera pa matebulo. Digiri anaima pachitseko chake, manja kumbuyo, akulimbana ndi tulo. Apo mnzawo wa achemwali ake, bambo wa magalasi amene ankasinthana nawo m'kachipinda muja, anadutsa akupita kukapuma, n'kumukodola ndi mutu. Ndiye kuti kumwamba anatsalako okha.

Tsoka silinunkha, amatero akuluakulu, koma ili linanunkha. Digiri anamva kafungo kakang'ono, kowawa pakhosi, ka pulasitiki wa mawaya akamapsa. Ankakadziwa kuchokera ku koleji. Anadziuza kuti mwina ndi ku khitchini. Magetsi a kudenga anaphethira kamodzi. Kenako m'khutu mwake wokitoki inalankhula mawu achinsinsi amene anagwirizana kuti alendo asadzidzimuke.

"Galimoto yofiira yatseka njira. Ndikubwereza, galimoto yofiira yatseka njira. Izi si zoyeserera."

Digiri anadzutsa mutu. Anaona a Wezulo akukwera pansanja, osathamanga, n'kunong'oneza wapampando. Nduna inasiya mawu ali pakamwa. A Wezulo anawerama pa maiki n'kunena zimene analoweza: kuti aliyense aimirire, asiye katundu, ayende pang'onopang'ono, atsate anthu a majekete achikasu.

Kenako mipando inayamba kukhuluka pansi yonse pamodzi, ngati mvula yoyamba pa malata.

Digiri anakankha chitseko n'kuchitsamira ndi msana. Chinali cholemera kuposa poyeserera. Anthu anayamba kudutsa, mapewa akumukhula pachifuwa, mafuta onunkhira osakanikirana ndi thukuta. Ena anali atanyamulabe zikwama. Mayi wina anavula nsapato zazitali n'kuzigwira m'manja. Mkulu wina wokalamba anapunthwa, Digiri n'kumuwakha ndi dzanja limodzi, ndipo mahedifoni a mkuluyo anakodwa pa mkono wake n'kutsalira pomwepo. Munali kamawu kakang'ono kakulankhula. Anawavala khutu limodzi.

Anali achemwali ake.

Chifalansa sankachimva, koma uthengawu ankaudziwa, chifukwa anawamvapo akuuyeserera kunyumba akutsuka mbale, mwana wawo wamkazi akuwatsanzira. Yendani pang'onopang'ono. Siyani katundu. Tsatani a majekete achikasu. Mawu awo anali odekha ngati akuwerenga nkhani ya mwana pogona. Ndipo anaona kuti akafika pa mawu a majekete aja, nkhope zambiri m'gulumo zinkatembenukira kwa iye. Achemwali ake ankamutumizira anthu.

Wokitoki inalira kukhutu linalo. Anali mnyamata wa kukhonde, akupuma mwabefu.

"Bwana, ndi mu sitolo ya magetsi! Makatoni agwira! Utsi ukukwera masitepe!"

Masitepe ake ati? M'nyumba monsemo masitepe a pafupi ndi sitolo anali amodzi okha. Digiri anapanikiza batani la wokitoki.

"Wamtali! Wamtali, wagogoda?"

Wokitoki inali itadzaza ndi mawu a asilikali a alendo, aliyense akuitana galimoto ya bwana wake.

"Wamtali!"

"Ndili kwa olemekezeka ine, aise! Sakundilola kuchoka!"

"Bwana Wezulo, kumwamba kuli munthu! Achemwali anga ali kumwamba!"

Mawu a a Wezulo anabwera oduka-duka. "Ndamva. Ndikutuma munthu. Iwe khala pachitseko. Digiri, wandimva? Khala pachitseko!"

Koma mnyamata wa kukhonde uja analowerera: "Sikukupitika, bwana. Sindikuona ngakhale dzanja langa."

Digiri anatulutsa foni m'thumba n'kuwaimbira. Inali yozima. Omasulira amazimitsa mafoni akalowa m'kachipinda, chifukwa amasokoneza makina. Kukhutu lamanzere mawu aja ankapitirirabe, osafulumira, osanjenjemera. Iwo ankayang'ana kutsogolo, m'holo, kudzera pagalasi. Moto unali kumbuyo kwawo. Ankadikira kugogoda.

Anayesa kusuntha msana pang'ono kuti aone ngati chitseko chingaime chokha. Nthawi yomweyo chinabwerera n'kumenya phewa la mtsikana wina, amene anadzandira, wa kumbuyo kwake n'kumuponda chidendene. Digiri anachikankhanso. Anthu anali adakali ambiri, ndipo tsopano anali atayamba kukankhana, chifukwa utsi unali utaonekera kudenga, wotuwa, ukuyenda pang'onopang'ono ngati chinthu chamoyo chofunafuna munthu.

Anakuwa kuloza denga la pamwamba pake, "Achemwali!" Ankadziwa kuti n'kutaya mawu. Chipinda chija anachimangira kuti phokoso lisalowe.

Ndipo apo m'pamene anakumbukira. Amamva zolowa pa maiki. Patebulo lililonse m'holomo panali maiki.

Anagwira mkono wa bambo wina wa chifuwa chachikulu amene ankadutsa. Bamboyo anafuna kudzimasula, akulankhula chinenero chake. Digiri anatenga manja ake onse awiri n'kuwaika pachitseko, n'kuwapanikiza, akumuyang'ana m'maso. Sanadziwe chimene bamboyo anaona pankhope pake, koma anasiya kulimbana, natsamira chitseko ndi phewa.

Kulowa m'gulu lotuluka kuli ngati kuwoloka mtsinje wosefukira. Zigongono zinamumenya m'nthiti. Wina anamugwira jekete kuti amutsate, poganiza kuti akudziwa njira ina, ndipo anachita kumukankhira kuchitseko. Atafika patebulo loyamba anapanikiza batani la maiki. Kanyali sikanayake. Anapita pa lachiwiri. Lachitatu. Anamenya ndi chibakera.

Anali ataiwala mwambo wa misonkhano yotere. Nduna ikamalankhula, mnyamata wa makina amatseka maiki onse a m'holo kuti wina asaidule mawu. Amasiya za pansanja zokha, ya ndunayo ndi ya wapampando. Ndipo mnyamata wa makinayo anachita zimene anaphunzitsidwa: anasiya zonse mmene zinalili n'kutuluka.

Nsanja inali kutali, kutsogolo kwenikweni. Digiri anathamanga pakati pa mipando yogudubuzika, akuponda mapepala ndi timbendera, akutsokomola. Anakwera, n'kutembenuka kuyang'ana kumwamba. Zenera la kachipinda kaja linali litakwiririka ndi utsi wa kudenga. Chimene ankaona n'kanyali kofiira kokha, kosonyeza kuti maiki ya womasulira ndi yoyaka.

Anagwira maiki ya wapampando ndi manja awiri.

"Achemwali! Tulukani! Moto uli pa masitepe anu, Wamtali sabwera, tulukani!"

Ndipo m'khutu mwake anamva chinthu chimene chinamuimitsa tsitsi. Mawu a achemwali ake anamutsatira pambuyo, phazi ndi phazi, akusandutsa kukuwa kwake kukhala Chifalansa chodekha. Pakamwa panali pakugwira ntchito yake mutu usanamve. Anamasulira "achemwali". Anamasulira "tulukani". Anafika pakati pa mawu a masitepe, n'kuima.

Kunamveka kupuma kokha.

"Digiri?" Tsopano ankalankhula chinenero cha kunyumba. "Ukutani pamenepo? Chitseko chako wasiyira ndani?"

"Zisiyeni zimenezo! Tsegulani chitseko, thamangani!"

Anamva mpando ukukhuluka, mahedifoni akugwera patebulo. Anamva chitseko chikutseguka, kenako chiphokoso ngati cha mphepo ya mkuntho, kenako chitseko chikumenyetsedwa. Kutsokomola kwautali. Digiri anapeza kuti akunena "chonde, chonde, chonde" pa maiki, holo yonse ikumubwezera mawu ake.

"Masitepe kulibe," anatero atabwerera. Mawu anali atasasa. "Kuli mdima wokhawokha. Chogwirira chandiwotcha."

"Swani galasi! Tengani mpando muswe galasi, ine ndiunjika matebulo pansi, mudumphe!"

"Galasi ili, iwe? Ndi lokhuthala ngati njerwa."

"Yesani, achemwali!"

Anayesa. Anamva m'khutu kugunda, gu, gu, gu, ndipo kumwamba kanyali kofiira kankanjenjemera pa kugunda kulikonse. M'holo simunamveke kanthu. Analipanga bwino galasi lija, amene analipanga. Kugunda kunayamba kutalikirana, kenako kunatha.

"Thirani madzi pa nsalu mutseke kunsi kwa chitseko," anatero Digiri, akukumbukira maphunziro a a Wezulo. "Mugone pansi. Pansi pali mpweya. Ozimitsa moto akubwera."

"Ndathira kale. Ukundiyesa mwana?" Anatsokomola. "Sindikuona kanthu pagalasi. Anthu atha?"

Digiri anayang'ana. Pachitseko chake panali patatsala kagulu, okalamba ambiri, ena akuzungulirazungulira osadziwa kolowera chifukwa mawu a m'makutu mwawo anali atasiya. Bambo wa chifuwa uja anali akugwirabe chitseko.

"Atsala pang'ono."

"Ndiye takhala chete kaye."

Anayambanso Chifalansa. Mawu ankaduka, koma ankawalumikiza. Yendani pang'onopang'ono. Okalamba aja anaimika mitu, n'kutembenukira kuchitseko, n'kuyamba kuyenda. Digiri anawaonerera mmodzimmodzi akutuluka, misozi ndi utsi zikumutseka maso.

"Atha, achemwali. Onse atuluka."

"Chabwino. Tsopano iwe."

"Sindichoka."

"Iwe mwana, usandiyese. Ndakulera ndi manja angawa, sindinakulerere moto. Tuluka. Ukawauze alamu ako kuti yunifolomu ya mwana ili pa chingwe, asaiwale kuyanula, kunja kukuoneka ngati..."

Magetsi anazima. Kanyali kofiira kanazima. M'khutu munangoti zii.

Digiri anakuwa pa maiki yakufa. Anadumpha pansanja mumdima, akugunda matebulo, akulowera mbali ya khonde la masitepe. Atakankha chitseko cha kumeneko, kutentha kunamumenya kumaso ngati mbama, ndipo mpweya woyamba umene anakoka unamugwetsa m'maondo. Anayesa kukwawa. Manja aakulu anamugwira lamba kumbuyo.

"Ndisiyeni!"

"Sindikusiya," anatero a Wezulo, nsalu ili kukamwa. "Undimenye mawa. Lero sindikusiya."

Anamukoka ngati thumba mpaka panja.

Kunja dzuwa linali likuwala ngati palibe chachitika. Nthumwi zinasonkhana poimika magalimoto, gulu lililonse pansi pa mbendera yake, ena akujambula utsi ndi mafoni. Galimoto za ozimitsa moto zinalowa zikulira. Digiri anawathamangira, akuloza, akulongosola za masitepe ndi kachipinda. Anamumva, anavala zophimba kumaso, nalowa. Anzake anamukhazika pansi m'mphepete mwa msewu, Wamtali atamugwira phewa. Wamtaliyo ankalira mokweza ngati mwana, akungobwereza kuti, "Anandiuza kwa kanthawi, aise. Anati kwa kanthawi."

Mmodzi wa okonza msonkhano anakwera pa benchi ndi chokuzira mawu n'kulengeza kuti alendo onse atuluka, palibe wavulala. Panalibe womasulira, koma anthu anamva ndi nkhope yake. Anawomba m'manja. Bambo wa chifuwa chachikulu uja anabwera n'kumukumbatira Digiri, akumusisita pamsana, akunena mawu ambiri okoma m'chinenero chake. Mlendo ndi mame, amatero. Mame onse anatuluka, osatayika ngakhale dontho.

Digiri sanavule mahedifoni. Ankawapanikiza kukhutu ndi dzanja, akuganiza kuti mwina jenereta ikalira kumveka kutsokomola. Maso ake anali pakhomo la antchito. Ozimitsa moto akamatuluka akuthamanga, ndiye kuti pali chothamangira. Anadziuza zimenezo mobwerezabwereza. Athamange. Atuluke akuthamanga, akukuwa kuti ambulansi isendere.

Anatuluka akuyenda. Anali anayi, machira ali pakati, nsalu yophimba mpaka kumutu.

A Wezulo anavula chipewa. Anabwera n'kuima patsogolo pa Digiri. Foni ya Digiri inayamba kulira m'thumba. Anali alamu ake.

"Alamu, ndikuona utsi pa TV. Foni yawo ndi yozima. Muli nawo pamenepo? Tawapatsani ndiwalankhule."

Kumbuyo kwa mawuwo mwana ankaimba kanyimbo ka kusukulu. Digiri anagwira foniyo kukhutu, akuyang'ana anthu anayi aja akukweza machira m'galimoto mosamala, ngati akuopa kudzutsa munthu.

"Alamu? Mukundimva?"

"Ndikukumvani," anatero. "Bwerani. Mwana mumusiye kwa aneba."

Msonkhano unapitirira m'mawa mwake ku hotela ina, atapeza womasulira wina. Achemwali ake anawaika m'manda Loweruka, pa 16 Malichi.